Mapanga a zithunzi zakale ndi maboma akale kuno kummawa kwa Zambia: tiyambire pati?

WaKuKapata
Akuluakulu, ndithandizeni. Mlendo akafika ku Chipata aliyense amangomulozera ku Mfuwe kuti akaone njovu, basi. Koma pa mndandanda wa malo otetezedwa ndi boma pali Thandwe, Katolola, Zawi, Mkoma, Makwe, Kalemba, Fort Young ndi ena. Munthu amene ali ndi masiku atatu ndi galimoto wamba angayende motani kuti aone mapanga a zithunzi zakale pamodzi ndi maboma akale? Zikwangwani zolozera kumeneko pamsewu sizioneka, ndipo ukafunsa pa siteshoni palibe amene akudziwa.

Dalaivala_T4
Mwezi wanji? Yambani mwanena zimenezo.

WaKuKapata
Tinene kuti Julayi.

Dalaivala_T4
Julayi ali bwino. Kuyambira Disembala mpaka Epulo musayese, chifukwa phula limathera pamsewu waukulu, ndipo mapanga onsewo ali kumapiri kumene mumafika podzera njira za ngolo. Dothi la m'dambo likanyowa galimoto yaing'ono imakhala pansi ndi mimba. Meyi mvula yatha koma udzu ndi wautali kuposa munthu, njira ya kuphiri sioneka, chitedze nachonso chayamba kuuma. Okutobala mwala umatentha moti nsapato ya pulasitiki imafewa. Ndiye nthawi yabwino ndi Juni mpaka kumayambiriro kwa Seputembala.

Mtunda wake uli chonchi. Katolola ili pafupifupi makilomita 16 kummwera chakummawa kwa tauni, Fort Young pafupifupi 21 mbali yomweyo ya kwa Mpezeni, Zawi pafupifupi 32 chakumpoto, Mkoma pafupifupi 64 chakumadzulo. Makwe ndi ya ku Katete, Kalemba ndi ya ku Chadiza. Musanyengeke ndi manambalawa. Pa phula makilomita 30 ndi theka la ola, koma pa fumbi lokumbika ndi mvula makilomita 10 omalizira amatha kudya ola lathunthu, kenako muyendenso pansi. Mafuta dzazani m'tauni, tayala lapadera likhale ndi mphepo, ndipo tengani pampu ndi zomatira. Chimene chimaboola matayala kumeneko ndi zitsa za m'minda yongotsegulidwa kumene, si misomali.

Mphunzitsi_wa_Mbiri
A Dalaivala anena zoona, koma ndionjezepo chimodzi chimene chimasocheretsa anthu ambiri. Mindandanda yakale imalemba kuti malo akutiakuti ali "m'boma la Chipata" kapena "la Katete", pamene maboma amenewa anagawidwa. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, Chipangali ndi Kasenengwa mu 2018. Choncho musafunse dzina la boma. Funsani mfumu yaikulu ya deralo, mudzi woyandikana ndi phiri, ndi sukulu yapafupi. Makwe, mwachitsanzo, mumaipeza pofunsa sukulu ya Kondwelani, phangalo lili makilomita ngati atatu kummwera kwake. Zawi mumafunsa mudzi wa Kamukwe.

Chinanso, kumudzi musanene kuti mukufuna "malo a mbiri yakale". Nenani kuti mukufuna phanga lolembedwa, kapena mwala umene uli ndi zojambula zofiira ndi zoyera. Abusa a ng'ombe ndi osaka mbira ndiwo amadziwa njira.

Masiku atatuwo ndingawagawe motere. Loyamba Katolola mmawa, Fort Young ndi Feni masana, tauni madzulo. Lachiwiri mbali ya Katete, Mkoma ndi Makwe, n'kugona konko. Lachitatu Kalemba yokha, chifukwa ndiyo yaikulu ndipo njira yake siyofuna changu. Zawi ndi Thandwe zidikire ulendo wina.

Ntchefu77
Kalemba musaisiye ngakhale zitavuta bwanji. Zithunzi za pamenepo zili ndi zaka 35,000.

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Ayi achimwene, pamenepo mwasakaniza zinthu ziwiri. Zaka zimenezo ndi za zimene zinakumbidwa pansi pa phanga, osati za utoto wa pakhoma. Katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba ku Kalemba mu 1971, ndipo makala a m'munsimunsi atapimidwa anaonetsa kuti anthu ankakhalamo zaka zoposa 35,000 zapitazo. Dothi la m'phanga limaunjikana mosanjikizana: pansi penipeni zida zamwala zikuluzikulu, pamwamba pake timiyala ting'onoting'ono tosongoka ta mivi, pamwamba pomwe mapale a miphika ndi tizitsulo. Khoma ndi nkhani ina. Utoto wofiira umachokera ku mwala wa chitsulo wopera, ndipo mwala sungapimidwe zaka monga amapimira makala. Chimene chimadziwika bwino ndi kutsatana kwake: pamene zofiira ndi zoyera zakumana, zoyera zimakhala pamwamba, kusonyeza kuti zinabwera pambuyo.

Ntchefu77
Chabwino aphunzitsi. Nanga zofiirazo anajambula ndani?

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Alenje ndi otola zipatso amene makolo athu anawapeza kuno, amene timawatchula Akafula kapena Abatwa. Zawo zambiri si nyama ayi, koma mizere: zozungulira zina mkati mwa zinzake, timizere tofanana totsika, zooneka ngati makwerero, timadontho. Nyama zofiira zilipo koma n'zochepa, n'chifukwa chake ntchefu ya ku Katolola imatchuka. Alimi ndi osula zitsulo anafika m'dera lino zaka zoposa 1,500 zapitazo, umboni wake unapezeka ku Kamnama kumpoto kwa Chipata, ndipo magulu awiriwa anakhala moyandikana kwa zaka mazanamazana. Zoyera ndi za alimi, makamaka Achewa, zopakidwa ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera. N'zokhuthala, mukayandikira mumaona mphepete mwake motupa ndi njira imene chala chinadutsa.

Kamnyamata_ka_Honda
Zofiirazo sizioneka bwino. Muziwaza madzi pang'ono, zimatuluka bwinobwino pa foni.

Nabanda_wa_Katete
Iwe mwana, usadzayerekeze.

Gogo_Chadiza
Madzi ndiwo amapha zithunzi. Mwala uli ndi mchere mkati. Mukaunyowetsa mcherewo umasungunuka n'kukwera kunja, ukauma umasiya chikanga choyera pamwamba pa utoto, kapena kutukumula khungu la mwala n'kuligwetsa. Zoyera ndiye zimachoka tsiku lomwelo chifukwa ndi dothi chabe. Ena amathira chakumwa cha shuga kuti mwala unyezimire, kenako nyerere ndi nkhungu zimamaliza ntchito. Kukhudza ndi dzanja nakonso kumasiya mafuta. Kuzunguliza ndi choko kapena khala kuti chioneke ndiko kuipitsitsa, pakuti pofufuta mumachotsa ndi utoto womwe. Moto m'phanga musakoleze: mwaye umakuta khoma, ndipo kutentha kumasenda mwala.

Mukafuna chithunzi chabwino fikani mmawa kapena dzuwa litapendeka, pamene khoma lonse lili mumthunzi umodzi. Theka dzuwa theka mthunzi, foni imasokonezeka. Zimitsani kuwala kwa kamera, imani molunjika khoma, jambulani lonse kaye kenako zigawozigawo. Wina agwire ndodo ya mita imodzi pafupi, osaitsamiritsa pamwala, kuti kukula kudziwike. Mukafika kunyumba pali pulogalamu yotchedwa DStretch imene imakweza mtundu wofiira, mizere imene maso sanaione imatulukira. Ndipo musanajambule khalani pansi mphindi khumi maso azolowere mdima. Ambiri amafika, kuyang'ana kamodzi, n'kunena kuti palibe kanthu.

Kamnyamata_ka_Honda
Ndamva agogo.

Ntchefu77
Zoyera zija zotambasula miyendo ngati buluzi wogona chafufumimba, zimatanthauza chiyani? Ndi ng'ona?

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Ofufuza amazigwirizanitsa ndi chinamwali cha atsikana, kuti zinali zophunzitsira. Gulu lina la zoyera ndi la nyau, zilombo monga kasiyamaliro, ndipo zimenezi n'zaposachedwapa ndithu, zina za nthawi ya atsamunda pamene mamishoni ankalimbana ndi gule.

Nabanda_wa_Katete
Aphunzitsi, imani pomwepo. Kuti ndi za chinamwali, zimenezo n'zodziwika, zili ndi m'mabuku momwe. Koma tanthauzo la chimodzichimodzi si la pagulu pano pamene pali ana ndi amuna. A WaKuKapata, mlendo wanu mumuuziretu: akafika pa zoyera asakakamize mayi wachikulire kuti amasulire, ndipo asafunse mnyamata woperekeza za kudambwe. Akakana kuyankha si mwano. Akanena kuti mbali iyi ya phiri sitipita, musapite, mwina kuli manda kapena dambwe. Mukakumana ndi gule panjira patukani, galimoto muimike, foni ibwerere m'thumba mpaka mutaloledwa.

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Amayi, sindinapitirire pamene pafika mabuku. Koma mwanena bwino.

Mbuya_wa_Kasama
Mukuvutikira timapanga tiwiri titatu. Bwerani ku Mwela kwathu muone zithunzi zenizeni. Kumeneko mlendo mudzamudyetsa chiyani, mbewa?

Jere_wa_Feni
Ambuya, malizani kaye nyani ali pamotoyo.

Mbuya_wa_Kasama
Nyani ali ndi nyama. Mbewa mumadya ubweya ndi mchira womwe.

Nabanda_wa_Katete
Julayi ndiyo nyengo yake ya mbewa, azipeza zili pandodo m'mbali mwa msewu wa Katete. Akafuna adye. Tibwerere ku nkhani.

Jere_wa_Feni
Tibwerere ndithu, chifukwa mwakhalitsa pa miyala ngati mbiri ya kuno inathera pa Akafula. Tsiku loyambalo lisakhale lothamanga. Angoni anaoloka Zambezi mu Novembala 1835 pansi pa Zwangendaba, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, ndipo a Mpezeni anadzakhazikika kuno patapita zaka zambiri akuzungulira. Azungu a kampani ya North Charterland anabwera ndi pepala la chilolezo limene Mjeremani wina, Carl Wiese, ankati analandira kwa Mpezeni, akufuna golide, ndipo Fort Young ndi ya nthawi imeneyo. Nkhondo inabuka mu Januwale 1898, asilikali anachokera ku Nyasaland ndi mfuti zazikulu, Nsingo mwana wa Mpezeni anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho, ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa, Mpezeni anatengedwa kupita ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji. Tauni ya Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inamangidwa pambuyo pa zimenezi, n'kukhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911 pamene anaiphatikiza ndi ya kumadzulo. Ndiye mukayamba ndi tauni mwayamba nkhani chakumapeto.

Ku Fort Young musayembekezere linga loima. Ndi mabwinja, ndipo popanda wokufotokozerani mudzangoona tchire. Pitani kaye ku nyumba yosungiramo zakale ya Nsingo ku Feni, muone zishango, nthungo ndi zovala za ingoma, mumve nkhani, kenako mabwinjawo adzakhala ndi tanthauzo.

WaKuKapata
Nanga m'tauni mwenimwenimo muli choona? Ine ndimangoona masitolo.

Jere_wa_Feni
Masitolowo ndiwo mbiri yake. Yendani pansi ku Down Shops muone makonde akale ndi mizikiti, ndi za amwenye ochokera ku Gujarat amene anayamba kufika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kenako kwerani kumtunda kumene kunali maofesi ndi nyumba za azungu, muone mmene tauni inagawidwira: azungu uku, amwenye uku, ife ku Kapata. Madzulo kwerani phiri la Kanjala, zonsezi zimaoneka pansi nthawi imodzi. Ngati nthawi ilipo, Magwero ili pafupi, mishoni ya Adatchi ya 1899, kumene kunayambira mpingo wa Reformed kuno ku Zambia, ndiponso kuli sukulu za osaona ndi osamva.

Ntchefu77
Palibe amene watchula Lundazi. Nyumba ija yonga ya mafumu a ku Ulaya?

Dalaivala_T4
Makilomita pafupifupi 180 kupita, 180 kubwera. Pa masiku atatu sizikwana.

Ntchefu77
Koma mlendo amaikonda. Anaimanga Errol Button, DC wa kumeneko, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ya njerwa zofiira, ili ndi nsanja zake, pafupi ndi damu. Ndi malo ogona alendo, ndiye mumagona momwemo.

Mphunzitsi_wa_Mbiri
N'njokongola, sindikana. Koma kutaya tsiku la Kalemba chifukwa cha nyumba yogona alendo ya zaka zosakwana zana, ine ayi. Lundazi ikhale ulendo wakewake, pamodzi ndi Zawi popeza zonse ndi za kumpoto.

Ntchefu77
Si aliyense amakonda kukwawa m'mapanga, aphunzitsi. Ena ali ndi mawondo.

Gogo_Chadiza
Za mawondozo n'zoona, ndipo tinene zonyamula. Nsapato yotseka ya mphira wogwira, osati patapata, chifukwa mwala wosalala wokhala ndi timchenga pamwamba umaterera ngakhale kuli kouma, makamaka potsika. Buluku lalitali ndi malaya a manja aatali chifukwa cha chitedze ndi nkhupakupa. Madzi malita awiri kapena atatu munthu aliyense. Amayi atenge chitenje, pofika kwa anyakwawa chimafunika. Ndodo yoyendera, woyamba azigogoda nayo pansi.

Choopsa kwambiri m'mapanga si njoka, ndi njuchi ndi mavu. Zimamanga m'ming'alu ya pamwamba pomwe pali zithunzi. Musanalowe imani panja mumvetsere, muyang'ane ngati pali zouluka zolowa ndi kutuluka pamalo amodzi. Mafuta onunkhira musadzole tsiku limenelo, phokoso lichepe, fodya ayi. Amene amatupa akalumidwa anyamule mankhwala ake, chipatala chili kutali. Dzanja musalowetse m'mphako kapena pansi pa mwala pogwirira. Chitedze chikakugwerani musakande ndipo musathire madzi msanga, chotsani kaye ubweyawo ndi tepi yomata kapena dothi louma.

Julayi ndi Ogasiti ndi nyengonso ya lupsa. Mukaona utsi kumunsi kwa phiri ndipo mphepo ikubwera kwa inu, tsikani. Moto umakwera phiri msanga kuposa munthu.

Nabanda_wa_Katete
Za kwa anyakwawa zisadutse mwachidule. Galimoto imikani kunja kwa bwalo, musalowe nayo mpaka pakhomo. Funsani munthu wamkulu akuperekezeni, musadzifikire nokha. Mukapatsidwa mpando kapena mphasa khalani, moni uyambe, kenako nenani kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. Kamphatso kaperekedwe ndi manja awiri kudzera mwa amene wakuperekezaniyo: shuga, mchere, sopo, kapena ndalama pang'ono. Anyakwawa ndiwo asankhe wokulondolerani. Malipiro a wolondolera mupangane musananyamuke, ndipo munene ngati ndi a gulu lonse kapena a munthu mmodzi, chifukwa mkangano umabuka pobwera pamene anyamata amene anangotsatira nawonso akufuna zawo. Pobwerera dzeraninso kukatsazika. Zonsezi zimatenga ola, ndiye muliwerengere pa ulendo. Mukapeza maliro m'mudzi, pitani mukakhale pansi pang'ono, za kuphiri zisiyeni tsiku limenelo.

Kamnyamata_ka_Honda
Koma malowo si a boma? Bwanji kupempha kawiri?

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Chotetezedwa ndi lamulo ndi phanga ndi zimene zilimo, pansi pa National Heritage Conservation Commission, lamulo la 1989. Koma njira yopitira kumeneko imadutsa m'minda ndi m'midzi ya anthu. Lamulo lomwelo limaletsa kukumba, kutola kapena kuchotsa kanthu popanda chilolezo. Pansi pa mapangawa mudzaona timiyala toyera tonyezimira tosongoka ngati chikhadabo, mapale, nthawi zina mikanda. Jambulani, siyani pomwepo. Phale likachoka pamalo pake latha ntchito, chifukwa chimene chimauza ofufuza zaka zake ndi dothi limene lagonamo. Mukapeza dzenje latsopano, ndi anthu ofuna chuma chokwiriridwa amene amaganiza kuti zojambulazo ndi mapu. Uzani anyakwawa ndi a Commission.

Amene mukutenga ana a sukulu, lembani kalata ku Commission ndi kwa mfumu milungu iwiri isanakwane, ndipo m'phanga muzilowa khumi khumi. Mapazi ambiri amautsa fumbi limene limakakamira pakhoma. Makala, choko ndi zolembera zitsale m'basi. Maina ambiri olembedwa pamwamba pa zithunzi ndi a maulendo a sukulu.

Mlendo_wa_Mchinji
Moni a kutsidya. Mukamaliza kumeneko dumphani malire. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi zamtundu womwewo, zofiira ndi zoyera, ndipo UNESCO inawalemba mu 2006. Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi ndiwo amafikika mosavuta. Ndi mwambo umodzi, malire anabwera pambuyo.

Dalaivala_T4
Kutsidya ndi tsiku lina lathunthu. Chipata cha malire cha Mwami chili pafupi, koma kuchoka Mchinji kufika Lilongwe ndi makilomita oposa 100, kenako Dedza enanso oposa 80. Galimoto ifunika mapepala ake enieni, inshuwalansi ya COMESA, ndi kalata ya mwini ngati si yanu. Popanda zimenezo mudzagona pachipata.

WaKuKapata
Malawi adikire. Nanga ndikasuntha ulendowu kuti ugwirizane ndi mwambo?

Jere_wa_Feni
Nc'wala, mwambo wa Angoni, ndi Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni, mvula ili pakati. Mwambo mudzaona, mapanga iwalani.

Nabanda_wa_Katete
Kulamba ndiko kumagwirizana. Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique pamodzi. Kumeneko mlendo amaona gule ndi anamwali poyera, mololedwa, ndipo akapita ku Makwe kapena ku Mkoma pambuyo pake zoyera zija sizikhalanso zachilendo. Vuto ndi malo ogona. Katete amadzaza sabata yonse, mitengo imakwera, ndiye sungitsani chipinda mwezi usanafike kapena muzigona ku Chipata n'kulawira, ndi makilomita osakwana 90 pa phula. Mapanga muwaone Lolemba kapena Lachiwiri, chifukwa Lachisanu ndi Loweruka anyakwawa onse amakhala ali ku Mkaika ndipo simudzapeza wokupatsani chilolezo.

Mbuya_wa_Kasama
Mukabwera ku Ukusefya pa Ng'wena tidzakulandirani bwino kuposa pamenepo.

Nabanda_wa_Katete
Ambuya, ng'ona yanuyo tidzaiona chaka china.

WaKuKapata
Ndatenga dongosolo la aphunzitsi, ndisunthira ku Ogasiti. Funso lomaliza: Mkoma akuti ili m'famu ya ZNS (Zambia National Service). Amalola kungolowa?

Dalaivala_T4
Ndi malo a asilikali, musalowere kumbali ngakhale mnyamata wa m'mudzi atakuuzani kuti pali njira yachidule. Pitani pageti, aliyense ndi chitupa chake cha unzika (NRC), mlendo wakunja ndi pasipoti, nenani chimene mwadzera ndipo mudikire akuluakulu avomere. Kalata yochokera ku Commission imafupikitsa nkhani. Fikani tsiku la ntchito, mmawa, chifukwa Loweruka ndi Lamlungu wopereka chilolezo sapezeka msanga. Kamera muitulutse mutafika pamwala, osati pageti kapena pa nyumba zawo, ndipo kandege kojambulira kasiyeni kunyumba.

Gogo_Chadiza
Ndipo tsiku la Kalemba nyamukani isanakwane 6 koloko. Chakudya mugule ku Chadiza boma, kutsogolo kulibe sitolo yodalirika, netiweki nayonso imaduka. Uzani wina kunyumba mudzi umene mukasiye galimoto ndi ola limene mukuyembekeza kubwerera.